Kanjiwa ndi Diso la Chimeza

Kanjiwa anali kamtsikana kakang'ono. Dzinali anamupatsa ndi abambo ake. Anamupatsa chifukwa ankayankhula motsitsa, ngati njiwa.

Kanjiwa ankakhala pafupi ndi nyanja yaikulu yamchere. Koma Kanjiwa ankaiopa nyanjayo. Ankaiopa kwambiri.

Anzake ankasewera pamchenga. Kanjiwa ankakhala pakhonde. Anzake ankathamangitsana ndi mafunde. Kanjiwa ankangowaonera patali. Nayenso ankafuna kutola zigoba. Koma miyendo yake inkakana.

Inkakana chifukwa cha Chimeza.

Palibe amene anamuuza za Chimeza. Kanjiwa anachidziwa yekha. Dzinalonso anachipatsa yekha.

Chimeza chinkakhala m'phanga, pakati pa miyala yakuda ya m'mphepete mwa nyanja. Chinali ndi mikono yaitali. Chinali ndi mikono yambiri. Chinali ndi tsitsi la ndere. Chinali ndi diso limodzi lokha.

Mafunde akalowa m'phangamo, Chimeza chinkapuma.

"Huuu. Huuu."

Kanjiwa ankachimva akudya. Ankachimva akusamba. Ankachimva ngakhale atatseka zenera.

Tsiku lina mpira wa mnzake unagwera m'madzi. Sunabwerere. Tsiku lina chipewa cha abambo chinauluka ndi mphepo. Sichinabwerere.

"Chameza," ankanong'ona Kanjiwa.

Amayi a Kanjiwa anali mmisiri. Ankapanga ndolo ndi mphete. Ankapanga zibangili ndi mikanda ya m'khosi.

Anali ndi kachipinda kuseri kwa nyumba. M'kachipindamo munali tebulo lalitali. Patebulo panali kahamala. Panali waya wa siliva, woonda ngati ulusi. Panali mabotolo odzaza zigoba. Panalinso mbale ya magalasi a m'nyanja.

Magalasi amenewa anali zidutswa za mabotolo akalekale. Nyanja inazipera ndi mchenga mpaka zinasalala. Sizinkachekanso chala.

Kanjiwa ankakonda kukhala kunsi kwa tebulolo. Kahamala ka amayi kankalira: nga, nga, nga. Kahamala kakamalira, Chimeza sichinkamveka.

Abambo a Kanjiwa ankakonza mabwato. Ankagwira ntchito kuseri kwa miyala yakuda ija. Njira zopita kumeneko zinali ziwiri. Ya kumsewu inali yaitali. Ya pamiyala inali yaifupi. Koma ya pamiyala inkadutsa pakhomo pa phanga.

Kanjiwa anali asanadzereko.

M'mawa wina amayi anasuzumira m'mbale. Munalibe kanthu.

"Magalasi atha," anatero amayi. "Madzi aphwa tsopano. Tiye tikatole."

"Ine nditsala," anayankha Kanjiwa ali kunsi kwa tebulo.

"Pakhomo palibe munthu, mwanangu. Sindingakusiye wekha."

"Ndikhala phee. Sindigwira kanthu."

"Ndikudziwa," anatero amayi. "Komabe tiye. Undigwire dzanja."

Kanjiwa anatuluka pang'onopang'ono. Anagwira dzanja la amayi. Analigwira ndi manja awiri.

Mchenga unali wozizira. Madzi anali atathawira kutali. Miyala inali pamtunda, yonyowa, yodzaza ndere. Kunalibe ana. Kunalibe asodzi. Kunali mphepo yokha.

"Huuu," chinapuma Chimeza, chapansipansi.

Kanjiwa anabisala kumbuyo kwa amayi.

Amayi anamukhazika pamwala waukulu wouma. Anamupatsa kadengu.

"Khala pompa. Ine nditola, iwe usunga."

Amayi anatola galasi loyera. Anaponya m'kadengu. Anatola lofiirira. Anaponya m'kadengu. Anatolanso loyera.

"Lobiriwira ndi losowa," anatero amayi. "Ndione uko pang'ono."

"Musapite kutali, Amayi."

"Sindipita kutali."

Amayi anaponda mwala wina. Anapondanso wina. Wachitatu unali ndi ndere. Phazi linaterereka. Amayi anagwa chokhala pansi.

"Amayi, mwapweteka?"

"Pang'ono," anayankha amayi.

Amayi anayesa kudzuka. Analephera. Phazi lawo linali litalowa mumng'alu, pakati pa miyala iwiri. Anakoka. Phazi linakana. Anakokanso. Phazi linakana.

Amayi anayesa kukankha mwala. Mwala sunasunthe.

Amayi anaitana. Anaitana mokweza. Mphepo inatenga mawu awo. Palibe anayankha.

Kenako Kanjiwa anaona chinthu. Madzi anali akubwerera.

Funde laling'ono linabwera. Linanyambita mwala. Linabwerera. Funde lina linabwera. Linanyambita chala cha amayi. Linabwerera. Lina linabwera. Linafika m'kakolo. Ilo silinabwerere lonse.

Mtima wa Kanjiwa unagunda. Di, di, di.

"Kanjiwa," anatero amayi. Mawu awo anali odekha. "Tandimvera bwino. Pita ukaitane bambo ako."

"Ndidzere kumsewu?"

"Kumsewu n'kutali. Madzi andipeza."

Kanjiwa anayang'ana njira ya pamiyala. Inkakwera. Inkakhota. Inkadutsa pakhomo pa phanga.

"Njirayo ili pamwamba," anatero amayi. "Madzi safikako. Uponde pouma pokhapokha."

"Koma kuli Chimeza, Amayi."

Amayi sanaseke. Sanakalipe. Anangomuyang'ana.

"Ndikudziwa kuti ukuopa," anatero. "Nanenso ndikuopa. Pita ndi mantha omwewo, mwanangu. Usadikire kuti athe."

Kanjiwa anaika kadengu pansi. Anatsika pamwala paja.

Anayamba kukwera.

Anaponda pouma. Anapondanso pouma. Miyala inali yakuthwa. Mphepo inkamukankha.

"Huuu."

Tsopano mawu aja anali pafupi.

Anakwerabe. Anagwira mwala. Anakhota.

"Huuu. Huuu."

Phanga linali patsogolo pake. Linali lakuda bii. Linkanunkha mchere ndi nsomba zowola. Pakhomo pake panali ndere zazitali. Zinkagwedezeka m'madzi. Zinkapita uku. Zinkapita uko.

"Mikono," ananong'ona Kanjiwa.

Anatseka maso. Koma munthu sayenda pamiyala atatseka maso. Anatsegula limodzi. Anatsegulanso linalo.

Ndiye analiona.

M'kati mwa mdima munali diso. Linali lobiriwira. Linali kuwala. Linali kumuyang'ana.

Kanjiwa anauma thupi lonse. Miyendo inakana kupita kutsogolo. Inakananso kubwerera. Anafuna kulira.

Diso silinaphethire.

Kanjiwa anacheuka. Anaona amayi kumunsi. Ankaoneka aang'ono. Madzi anali atafika m'mawondo. Amayi anakweza dzanja. Anamulozera kutsogolo kuti apitirize.

Kanjiwa anatembenuka. Anayang'ana diso lija.

"Ndidutse nawo," anatero ndi mawu aang'ono. "Amayi anga apanikizika."



Kanjiwa anathamanga.

"Huuu!" Madzi anatumphuka m'phanga. Anamunyowetsa kumsana. Anali ozizira ngati dzanja.

"Chandigwira," anaganiza Kanjiwa. Koma sanaime. Anapunthwa. Anagwa. Bondo linasupuka. Anadzuka. Anathamanganso.

Njira inayamba kutsika. Kumunsi kunali mabwato. Ena anali chadodolido. Ena anali chagada. Abambo anali pansi pa bwato lalikulu. Ankakhoma misomali ndi mnzawo wa pantchito.

"Ababa," anaitana Kanjiwa.

Abambo sanamve. Hamala inkalira kwambiri.

"Ababa," anaitananso.

Abambo sanamve.

Kanjiwa anakoka mpweya wambiri. Anadzaza chifuwa chonse.

"Ababa! Amayi ali m'madzi!"

Hamala inasiya kulira. Abambo anatuluka pansi pa bwato. Anaona bondo la Kanjiwa. Anaona nkhope yake.

"Ali pati?"

"Kuseri kwa phanga. Phazi lalowa m'miyala. Madzi akubwera."

Abambo sanafunsenso. Anatola chitsulo chachitali. Anaitana mnzawo. Ananyamula Kanjiwa paphewa. Anathamanga.

Anadutsa pakhomo pa phanga. Kanjiwa anabisa nkhope m'khosi mwa abambo.

Atafika, madzi anali m'chiuno mwa amayi. Amayi ankanjenjemera. Milomo yawo inali itatuwa.

Abambo anakhazika Kanjiwa pamwala wapamwamba.

"Usasunthe," anatero.

Analowa m'madzi ndi mnzawo uja. Analowetsa chitsulo mumng'alu. Anakanikiza. Mwala sunasunthe.

Funde linabwera. Linawamenya onse atatu. Kanjiwa anagwira pakamwa.

Abambo anakanikizanso. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Mwala unalira: kwiii. Unasuntha pang'ono.

"Kokani tsopano," anatero abambo.

Mnzawo anagwira amayi m'khwapa. Anakoka. Phazi linatuluka. Nsapato inatsalira m'mwemo.

Abambo anabereka amayi kumsana. Anawatulutsa m'madzi. Anawakhazika pouma. Amayi anatambasula manja. Kanjiwa anadziponya pachifuwa pawo. Apa mpamene analira. Analira kwambiri.

"Basi, mwanangu," anatero amayi. "Basi. Ndili pano."

Kuchipatala, anamwino anamanga phazi ndi bandeji. Fupa silinathyoke. Koma amayi anauzidwa kuti asayendeyende.

Amayi anabwerera m'kachipinda kawo. Anakhala pampando. Phazi analisanjika pakampando kena.

Kanjiwa anabwerera kunsi kwa tebulo.

Tsopano ankaopa kuposa kale. Sankafuna kudya. Sankafuna kukhala pakhonde. Nyanja ikalira, ankatseka makutu.

"Tuluka, Kanjiwa," ankatero abambo. "Zinatha zija."

"Sizinathe," ankayankha Kanjiwa. "Chinameza nsapato ya Amayi. Chinkafuna Amayi."

"Chiyani?"

"Chimeza. Ndinachiona. Ndinaona diso lake."

Abambo anagwada. Anasuzumira kunsi kwa tebulo.

"Diso? Unaliona pati?"

"M'phanga. Chakumanzere. Lobiriwira."

Abambo anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana abambo. Palibe anaseka.

Madzi ataphwanso, abambo anatuluka. Sananene kumene akupita. Kanjiwa anawaona pazenera. Ankalowera kumiyala yakuda.

"Amayi, aitaneni. Chiwameza."

"Bambo ako amadziwa nthawi ya madzi," anatero amayi. "Abwera."

Kanjiwa anadikira. Anadikira. Analuma chala. Anadikirabe.

Kenako chitseko chinatseguka. Abambo analowa. Thalauza lawo linali lonyowa mpaka m'mawondo. M'dzanja anali ndi kansalu kokulunga.

Anakaika patebulo.

"Ndabwera nalo," anatero.

"Chiyani?"

"Diso."

Kanjiwa anakwawira kukona. Anaphimba nkhope.

"Lichotseni, Ababa."

"Sililuma. Taona kaye."

Kanjiwa anasuzumira pakati pa zala. Abambo anafunyulula kansalu. M'kati munali kanthu kobulungira. Kanali kobiriwira. Kanali kosalala. Kanali kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo.

"Ndi galasi," anatero amayi. "Lokongola bwanji. Nyanja yalipera zaka zambiri."

"Linakanirira pakhoma la phanga," anatero abambo. "Ndachita kulisokolotsa ndi mpeni."

"Si limenelo," anatero Kanjiwa. "Lija linali lalikulu."

Abambo anatenga galasilo. Analikweza pazenera. Dzuwa linalowa m'kati mwake. Galasi linawala. Khoma lonse linabiriwira.

Kanjiwa anadzidzimuka. Linali lomwe lija.

Abambo analitsitsa. Linachepanso.

Kanjiwa anatulutsa chala chimodzi. Analikhudza. Anabweza chala msanga. Analikhudzanso. Linali lozizira. Analigwira m'dzanja. Linayamba kufunda.

Amayi anakoka waya wa siliva. Anatenga kopanira.

"Kanjiwa," anatero, "ine Chimeza sindinachionepo. Tandiuza. Chimaoneka bwanji?"



"Chili ndi mikono," anatero Kanjiwa.

"Ingati?"

"Yambiri."

Amayi anadula waya. Anaupinda. Anadula wina. Anaupinda. Anazunguliza mawayawo pagalasi lija.

"Chonchi?"

Kanjiwa anatulutsa mutu. Anayang'ana.

"Ayi. Yawongoka kwambiri. Ipotane."

Amayi anapota.

"Chonchi?"

"Ipotanebe. Uwu upite m'mwamba."

Amayi anaupititsa m'mwamba.

"Nanga china?"

"Tsitsi. La ndere."

Amayi anatsegula kabotolo ka mikanda ing'onoing'ono. Ina inali yobiriwira. Ina inali yakuda.

"Usankhe ndiwe. Ine sindikudziwa mtundu wake."

Kanjiwa anatuluka kunsi kwa tebulo. Anakwera pabenchi. Anasankha wobiriwira. Anasankha wakuda. Anasankhanso wobiriwira. Amayi anaitunga paulusi.

"Chili ndi mano?" anafunsa abambo.

"Ali m'kati. Saoneka."

"Tiwaike kumbuyo ndiye," anatero amayi.

Kanjiwa anakhuthula botolo la zigoba. Anafunafuna tating'ono kwambiri. Anapeza toyera, tosongoka. Amayi anatiboola mosamala. Anatimangirira kumbuyo.

Kahamala kanalira: nga, nga, nga. Amayi anasalaza nsonga za waya ndi tupa. Anapukuta ndi kansalu. Anauzira mpweya. Anapukutanso.

"Tambasula dzanja."

Kanjiwa anatambasula. Amayi anaikapo chinthucho.

Chinali Chimeza. Chinali ndi mikono yambiri yopotana. Chinali ndi tsitsi la ndere. Chinali ndi diso limodzi lobiriwira. Koma chonsecho chinakwana m'dzanja la Kanjiwa.

Kanjiwa anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chachepa," anatero.

"Chachepadi," anavomera amayi.

"Chimenechi chingameze chiyani?" anafunsa abambo.

Kanjiwa anaganiza.

"Mwina nyerere."

"Yonenepa kapena yowonda?"

"Yowonda," anatero Kanjiwa. Kukamwa kwake kunayamba kumwetulira kokha.

Amayi anatunga Chimeza pachingwe chofewa. Abambo anamangirira chingwecho m'khosi mwa Kanjiwa. Zala zawo zinali zazikulu. Mfundo inkawapulumuka.

"Bambo a Kanjiwa, si chingwe cha bwato chimenecho," anatero amayi. "Mangani mwaulemu."

Kunja nyanja inalira.

"Huuu."

Kanjiwa anagwira Chimeza chake. Mtima unagunda. Koma unagunda pang'ono chabe. Sanatseke makutu.

M'mawa mwake abambo anatenga kadengu.

"Amayi ako sangayende," anatero. "Mbale ilibe magalasi. Kaya ndipita ndi ndani?"

Kanjiwa anayang'ana pansi. Anagwira pakhosi.

"Pamchenga pokha," anatero. "Osati pamiyala."

"Pamchenga pokha," anavomera abambo.

Anapita. Kanjiwa anagwira dzanja la abambo. Dzanja linalo linagwira Chimeza. Funde laling'ono linabwera. Kanjiwa anabwerera m'mbuyo. Funde linapita. Linasiya chigoba chofiira.

Kanjiwa anawerama. Anatola. Anaponya m'kadengu.

Anatolanso china. Anatolanso china. Anasiya dzanja la abambo osadziwa.

Mwadzidzidzi mchenga unagwedezeka. Nkhanu inatuluka m'una. Inayenda cham'mbali. Inalunjika kuphazi la abambo.

Abambo anadumpha. Anadumpha kwambiri. Kadengu kanagwa. Abambo anakaima pachitsa cha mtengo, mwendo umodzi uli m'mwamba.

Kanjiwa anayang'ana nkhanu. Inali yaing'ono. Anayang'ana abambo. Anali aakulu.

"Ababa, mukuopa?"

"Ine? Ayi. Ndikungoipatsa njira."

"Yapita kale."

"Yapita kutali?"

"Yalowa m'una."

Abambo anatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana uku ndi uku. Kanjiwa anatolera zigoba zija. Kenako anagwira dzanja la abambo.

"Tiyeni," anatero. "Ndikugwirani."

Atafika kunyumba, Kanjiwa anathamangira m'kachipinda. Ananong'oneza amayi kukhutu. Amayi analuma mlomo. Mapewa awo anagwedezeka.

Kenako amayi anakoka waya wa siliva. Anatenga kopanira.

"Bambo a Kanjiwa," anaitana. "Tabwerani mukhale apa."

Abambo analowa. Anakhala pabenchi. Anakanda kumutu.

"Tatiuzeni," anatero amayi. "Nkhanu imaoneka bwanji?"

Abambo anatsokomola. Anatambasula manja awo aatali, mpaka anakhudza makoma onse awiri.

"Choyamba," anatero, "ndi yaikulu chonchi."

Kanjiwa anaseka mpaka anagwira m'mimba. Amayi anaseka. Abambo nawonso anaseka. Kenako Kanjiwa anakhuthula botolo la zigoba patebulo. Anayamba kuwasankhira abambo zigoba ziwiri zokhala ngati zopanira.